Penti yekha sanasinthe Medellín

Mukatchula Colombia pabawo ku Nkolokosa, kapena pamene anyamata akudikira tchipisi pa Kamba, mayina amene amatuluka ndi awiri. Achikulire amakumbukira René Higuita, goloboyi wa tsitsi lalitali amene Roger Milla wa ku Cameroon anamulanda mpira kutali ndi golo pa World Cup ya 1990. Achinyamata amatchula Pablo Escobar, mkulu wa ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, poti anamuonera m'mafilimu. Nkhani ikafika pamenepo wina amaitseka: "Kumeneko n'kwa mankhwala ozunguza bongo, munthu sungapiteko n'kubwerako wamoyo." Masiku ano kwabweranso ana a mafoni, amene aona pa TikTok phiri lodzaza tinyumba topakidwa mitundumitundu, ndipo iwo amalimbikira kuti dziko lija linasintha chifukwa cha penti. Aliyense mwa amenewa ali ndi kachidutswa ka zoona, koma chigamulo chawo n'chopotoka, ndipo chopotoka kwambiri ndi chija cha penti, chifukwa ndicho chingatipusitse ife okhala m'mphepete mwa mapiri a Blantyre.

Za mantha zija zili ndi pochokera. M'chaka cha 1991 chokha, mumzinda wa Medellín ku Colombia munaphedwa anthu oposa 6,000, ndipo panthawiyo panalibe mzinda wina padziko lapansi woopsa kuposa umenewu. Escobar anaphedwa padenga la nyumba mumzinda momwemo pa 2 December 1993, koma magazi sanaleke tsiku lomwelo. Mu July 1994 wosewera mpira Andrés Escobar, amene sanali mbale wake wa Pablo, anawomberedwa ku Medellín atangobwera kumene kuchokera ku World Cup kumene anadzigoletsa yekha. Zonsezi zinachitikadi, koma padutsa zaka zoposa 30. Mu 2023 chiwerengero cha ophedwa mumzindawu sichinafike 400, chonsecho anthu achuluka kufika pa 2.5 miliyoni.

Ndiye tiyerekeze ndi kumene timatumiza ana athu opanda kugona tulo tamantha. Dziko la Colombia lili ndi anthu pafupifupi 52 miliyoni, ndipo pachaka mumaphedwa anthu cha m'ma 13,000. South Africa ili ndi anthu pafupifupi 62 miliyoni, ndipo m'chaka cha 2022 mpaka 2023 apolisi kumeneko anawerenga anthu ophedwa oposa 27,000. Mnyamata wa ku Zingwangwa akamakwera basi ya ku Joni, achibale amamuperekeza ndi chisangalalo n'kumuuza kuti asaiwale kutumiza foni. Akanena kuti akupita ku Bogotá, likulu la Colombia, amayi ake angakhale pansi n'kuyamba kulira. Ziwerengero sizikugwirizana ndi misoziyo.

Izi sizikutanthauza kuti kuli mtendere wokhawokha. Boma linasainirana pangano ndi gulu la zigawenga la FARC mu 2016, koma kumidzi ina ndi m'malire mwa dzikolo magulu a zida adakalipo. Palibe dziko lopanga kokeni wambiri kuposa Colombia, ndipo munthu wokupemphani pabwalo la ndege kuti mumunyamulireko kachikwama ndi mdani wanu, kaya akumwetulira chotani. M'mizinda, otsomphola mafoni ndi ochenjera, ndipo alipo ena othira mankhwala ogonetsa m'chakumwa cha mlendo kuti amubere. Koma dziko lomwelo ndi lachitatu pa ulimi wa khofi, pambuyo pa Brazil ndi Vietnam, ndipo ndi lachiwiri pogulitsa maluwa kunja, pambuyo pa Netherlands. Za Escobar, anthu ambiri a ku Medellín amanyansidwa nazo akaona mlendo atavala malaya a nkhope yake. Mu February 2019 akuluakulu a mzinda anagwetsa nyumba yake yosanja yotchedwa Mónaco, ndipo pamalopo anaikapo bwalo lokumbukira anthu amene anaphedwa m'zaka zimenezo.

Ena amati ku South America kuli azungu okhaokha, munthu wakuda angasowe womufunsa njira. Amene amaonera mpira anayenera kukayika kale, poti Davinson Sánchez, Yerry Mina ndi Juan Cuadrado khungu lawo ndi lathu lomweli. Boma la Colombia limawerengera kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 alionse ndi wochokera ku mtundu wa Afirika, ndipo m'chigawo cha Chocó akuda ndiwo ochuluka. Kuyambira mu 2022 dzikolo linakhala ndi wachiwiri kwa pulezidenti wamayi wakuda, Francia Márquez, amene anakulira kumudzi wa okumba golide ku Cauca ndipo anagwirapo ntchito yam'nyumba.

Makolo a anthu akuda amenewa anafika ndi unyolo. Mzinda wa Cartagena, umene Asipanya anaukhazikitsa mu 1533 m'mphepete mwa nyanja ya Caribbean, unali doko lalikulu lotsitsirapo akapolo. Ena anathawa motsogozedwa ndi Benkos Biohó n'kukamanga midzi yamalinga m'tchire. Biohó anamugwira n'kumupachika mu 1621, koma anthu ake sanagonje, ndipo mudzi wa zidzukulu zawo, San Basilio de Palenque, ulipo mpaka lero, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Cartagena. Ali ndi chilankhulo chawochawo chimene muli mawu ochokera ku Kikongo, ndipo bungwe la UNESCO linazindikira chikhalidwe chawo mu 2005. Amayi a m'mudzi umenewu ndiwo amayenda m'misewu ya Cartagena atasenza mabeseni a zipatso pamutu popanda kugwirira, monga amachitira amayi a nthochi ochokera ku Thyolo. Nyimbo zovina m'makomboni a kumeneko, zotchedwa champeta, zinakula kuchokera ku malekodi a ku Congo, Nigeria ndi South Africa amene amalinyero ankabwera nawo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Amaziimba pa zimasipika zikuluzikulu zojambulidwa akambuku ndi asilikali. Munthu woti anavinapo kwasakwasa sangakhale pansi.

Nyengo nayonso timaiphonya. Poti dzikolo lili pa equator, timati kukutentha ponseponse. Ku Cartagena inde, thukuta lake ndi la ku Nsanje. Koma likulu, Bogotá, lili pamtunda wa mamita 2,640, pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba, ndipo jekete sichoka m'thupi chaka chonse.

Kumsika ndi kumene chikhulupiriro cha "zakudya zachilendo" chimathera. Mumsika wa Paloquemao ku Bogotá, Plaza Minorista ku Medellín kapena Bazurto ku Cartagena, mayi wa ku Nkolokosa angadziwe dzina la pafupifupi chilichonse chili pabenchi: chinangwa, mbatata, mbatatesi, nyemba, matimati, mapeyala, magwafa, mapapaya, zinanazi, magalagadeya, nthochi zophika. Sikuti anatengera kwa ife. Chinangwa, mtedza, mbatatesi ndi zinanazi kwawo ndi ku South America konko, chimanga kwawo ndi ku Mexico, ndipo zambiri mwa izo zinafika ku Africa pa zombo za Apwitikizi patapita chaka cha 1500. Nsima imene timalumbirira kuti ndi ya makolo athu, mbewu yake inawoloka nyanja yomweyo imene akapolo anawoloka, kungoti inalowera kwina.

Chimanga amachidya tsiku lililonse, koma osati ngati nsima. Amakanda ufa n'kuumba timikate tophwatalala totchedwa arepa, n'kuotcha pachiwaya. Masana ogwira ntchito amakhamukira m'malesitilanti a mumsika kukadya mbale yotchipa ya supu, mpunga, nyemba, kanyama ndi nthochi yokazinga. Ali ndi mowa wa chimanga wotchedwa chicha, m'bale wake wa masese, umene boma linauletsa mu 1948 ponena kuti ndi wauve ndipo umapusitsa anthu, pamene makampani a mowa wam'botolo ankafuna msika. Sunathe. Lero amaugulitsa poyera m'dera lakale la La Candelaria ku Bogotá, ndipo ophunzira a kuyunivesite ndiwo amaulimbirana. Ndipo amene amachita manyazi ndi ngumbi pamaso pa alendo amve izi: m'chigawo cha Santander, mvula ikayamba, anthu amatola nyerere zikuluzikulu zouluka, kuzithothola mapiko, kuzikazinga ndi mchere n'kuzigulitsa pamtengo wokwera. Kunenerera mtengo kulipo, ndipo wogulitsa akakukondani amaikirapo basera.

Tsopano za penti. Medellín ili m'chigwa cha Aburrá, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Pakati pa chigwa ndi pamene pali maofesi, mafakitale ndi misika ikuluikulu. Anthu othawa nkhondo ndi umphawi kumidzi atafika anapeza malo athyathyathya atatha, ndiye anakwera mapiri n'kumanga ndi njerwa ndi malata, wina pamwamba pa mnzake, popanda pulani, popanda msewu. Wokhala ku Nkolokosa akakweza maso kuyang'ana nyumba zokwera phiri la Soche, kapena akapita ku Ndirande ndi ku Bangwe, waona kale maonekedwe ake. Ngakhale tsoka lake ndi limodzi. Mu September 1987 phiri linagumukira dera la Villatina ku Medellín n'kukwirira anthu pafupifupi 500. Ife tinaziona ku Chilobwe mu March 2023, namondwe wa Freddy atatsitsa matope ndi miyala usiku.

Limodzi mwa madera a m'mapiri amenewa ndi Comuna 13, lija la pa TikTok. Mu 2002 linali bwalo la nkhondo. M'mwezi wa May chaka chimenecho asilikali ndi apolisi analowamo kusaka zigawenga, anthu wamba anaphedwa, ana ali m'gulu, mpaka eni dera anatuluka akukupiza nsalu zoyera kuti mfuti zileke. Pa 16 October kunabwera chipikisheni chachikulu chotchedwa Operación Orión: asilikali ndi apolisi oposa 1,000, magalimoto ankhondo ndi helikopita, m'dera lodzaza mabanja. Zigawenga zinachokadi, koma m'malo mwake munalowa magulu ena a zida amene ankagwirizana ndi achitetezo, ndipo anthu anayamba kusowa. Wina ankatengedwa pakhomo, wina potsika basi, osaonekanso.

Chimene chinayamba kusintha moyo m'mapirimo ndi mayendedwe. Mzindawu unatsegula sitima yake yonyamula anthu mu 1995. Mu 2004 unalumikiza sitimayo ndi timagaleta toyenda pachingwe m'mwamba, Metrocable, tokwera mpaka kudera la Santo Domingo, tikiti yake imodzi yomweyo. Mu 2008 chingwe china chinayambira pa San Javier, ku Comuna 13. Mfumu ya mzinda kuyambira 2004 mpaka 2007, Sergio Fajardo, katswiri wa masamu, inalimbikira kuti nyumba zokongola kwambiri za boma zizimangidwa kumene kuli osaukitsitsa, ndipo malaibulale akuluakulu, masukulu ndi mabwalo amasewero anamangidwa kumtunda komweko. Mu December 2011 anatsegula masitepe oyenda okha ndi magetsi, mamita 384 kutalika kwake, m'zigawo 6, pakati pa tinyumba ta Comuna 13, okwera ulere. Gogo amene ankatenga mphindi zoposa 30 kukwera ndi thumba la ufa anayamba kufika m'mphindi 6. Ndalama zake zinachokera kuti? Mbali yaikulu inachokera ku EPM, kampani ya madzi ndi magetsi imene mwini wake ndi mzinda, ndipo chaka chilichonse imapereka gawo la phindu lake kukhonsolo. Apa ndi pamene Mmalawi amayenera kuima n'kupuma kaye.

Zithunzi za pakhoma zinakula pambali pa zimenezi, ndipo amene anaziyambitsa si boma. Anali anyamata ndi atsikana a hip hop amene anakana kulowa m'magulu a mfuti. Mmodzi mwa atsogoleri awo, woimba wotchedwa Kolacho, anawomberedwa mu 2009, ndipo anzake anatsegula nyumba ya luso ya Casa Kolacho n'kuyamba kuyendetsa alendo m'dera lawo, akuwafotokozera khoma ndi khoma. Mlendo wothamangira kudzijambula amangoona mbalame, maluwa ndi nkhope zokongola. Wofatsa amaona nsalu zoyera zija, helikopita, ndi nkhope za ana amene sanabwerere kunyumba. Makoma aja ndi umboni wa eni dera, ndipo alendo anayamba kufika mwaunyinji masitepe atamangidwa, chifukwa kale kunalibe njira yabwino yokwerera.

Mphamvu ya umboniwo inaoneka posachedwapa. Pamwamba pa Comuna 13 pali dzala lalikulu lotayirako zigumukire za nyumba, La Escombrera. Kwa zaka zoposa 20 amayi a m'deralo ankanena kuti ana awo anakwiriridwa mmenemo, ndipo andale ena ankawayesa abodza. Mu December 2024 ofufuza anafukulamo mafupa a anthu. Mu January 2025 ojambula analemba pakhoma la msewu waukulu ku Medellín, ndi zilembo zazitali kuposa munthu, kuti amayi aja akunena zoona. Khonsolo inatumiza antchito kukafufuta ndi penti wotuwa pasanathe tsiku. Ojambula anabwerera ochuluka kuposa poyamba, ndipo m'masabata ochepa mawu omwewo anali pamakoma a Bogotá, Cali ndi mizinda ina. Boma silithamangira kufufuta chinthu chimene n'chokongoletsa chabe.

Tisakometsenso mopitirira, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Magulu a achifwamba adakalipo m'Comuna 13, ndipo ogulitsa malonda ambiri amawalipira kandalama kuti asavutitsidwe. Eni nyumba ena akudandaula phokoso ndi kukwera kwa lendi. Laibulale yotchuka ya Biblioteca España, imene anaitsegula mu 2007 ndi chikondwerero chachikulu, inatsekedwa mu 2015 chifukwa inamangidwa molakwika. Zomanga mwachinyengo si matenda a kwathu kokha.

Palinso zonena kuti ku Bogotá aliyense amangotenga penti n'kulemba pamene wafuna. Ufulu umene ulipo unagulidwa ndi moyo wa mwana. Pa 19 August 2011 wapolisi anawombera kumsana Diego Felipe Becerra, wa zaka 16, amene ankajambula pakhoma la mlatho. Apolisi anaika mfuti pamalopo n'kunena kuti anali wakuba. Makolo ake analimbana nayo nkhaniyo mpaka bodza linaululika, ndipo wapolisiyo anagamulidwa zaka 37. Mu 2013 khonsolo, pansi pa mfumu ya mzinda Gustavo Petro amene anadzakhala pulezidenti mu 2022, inakhazikitsa malamulo a kujambula pakhoma: mwini khoma avomere, zipilala zachikumbutso ndi malo ena zisakhudzidwe, wolakwira alipire faindi osati kuthamangitsidwa ndi mfuti. Chaka chomwecho woimba wa ku Canada Justin Bieber anabwera n'kupopera penti pamsewu wa Calle 26 apolisi akumulondera. Ojambula a mumzindawo anapsa mtima poona kuti mlendo wolemera akutetezedwa pa chinthu chimene mwana wawo anafera, ndipo anatuluka mazanamazana n'kujambula msewu womwewo usana ndi usiku.

Kwathu kuno mawu amene timamva ndi akuti kujambula pakhoma ndi khalidwe lobwera, la anyamata a chamba. Amene amatero sanapite ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zina za Akafula, zina za Achewa zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Aiwalanso agogo awo aakazi amene ankakongoletsa khoma ndi dothi lofiira, lakuda ndi loyera mvula ikatha. Ku Mua, makoma a Chamare Museum amafotokoza mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao ndi zithunzi. Ndipo mukangoyenda kuchokera ku Nkolokosa kudutsa Chitawira, kapena kulowa mumsika wa Ndirande ndi wa Limbe, muwerenge mitu yometedwa bwino yojambulidwa pa mababashopu, amayi a mesh pa masaluni, ng'ombe yonenepa pa butchala, nsomba ndi mbale ya nsima pa lesitilanti. Amene anajambula zimenezo ndi amisiri, ambiri osapita kusukulu ya luso, ndipo ena amasiya nambala ya foni pakona m'malo mwa dzina. Ntchito yawo ikulandidwa ndi zikwangwani zosindikiza pa kompyuta, zimene zimasuluka dzuwa likawomba miyezi ingapo.

Choncho makoma a Blantyre si opanda penti. Funso ndi lakuti akulankhula za yani. Magolosale athunthu apakidwa mtundu wa kampani ya foni, ya sopo kapena ya zakumwa. Nthawi ya kampeni miyala ndi milatho imavala mitundu ya zipani. Mipanda yotsala imangoti "Osakodza pano" kapena "Malo ano sakugulitsidwa". Mbiri ya dera, mayina a amene anapita ndi matope, osewera amene anakulira pamabwalo a fumbi asanakavale yunifolomu ya Bullets kapena Wanderers, amayi amene akhala pabenchi yomweyo ya matimati mpaka kuphunzitsa ana kuyunivesite, zonsezi zikanakwana pamakoma amenewo.

Koma ine ndingakane khansala amene angabwere ndi mabaketi a penti n'kunena kuti akutisandutsira dera kukhala Comuna 13. Kupaka tinyumba ta m'phiri mitundu yowala pamene njira yake ndi chigwembe, ngalande zatsekeka ndi mapepala a pulasitiki, mpopi wauma ndipo usiku mdima uli bii, ndiko kukonzera alendo chithunzi eni ake akuterereka m'matope. Ku Medellín anayamba ndi kufunsa kuti munthu wa pamwamba pa phiri afika bwanji kuntchito, kuchipatala ndi kusukulu. Masitepe amagetsi sitingawakwanitse lero, ndipo ndi kuthimathima kwa magetsi angasanduke masitepe wamba. Koma masitepe a simenti okhala ndi chogwirira, ngalande zamiyala zotsogolera madzi kumtsinje, nyali za sola m'tinjira ta pakati pa nyumba, ndi kuletsa kumanga pamene phiri linagumuka kale, zimenezo ndalama za chitukuko cha m'madera zingathe ngati zitafika kumene zinalembedwera.

Inu a makomiti a chitukuko ku Nkolokosa, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe, Ndirande ndi Machinjiri, phungu ndi khansala akadzabwera kudzafunsa chimene mukufuna, yambani ndi njira, ngalande ndi nyali. Ndipo inu eni magolosale, masukulu ndi mipingo amene muli ndi mpanda woyang'ana kumsewu, itanani mmisiri wa m'dera lanu lomwelo, mugwirizane chojambula, mumugulire penti wabwino, mumulipire monga mumalipirira womanga, ndipo mumulole alembe dzina lake pansi pake.